Ulemu wa Manja Awiri

Amuna anga si munthu waulemu wonyanyira. Ndanena izi poyamba kuti mumvetse chifukwa chake mtima wanga sunakhazikike pamene anayamba kulandira chilichonse ndi manja awiri. Kwathu timatero polandira kanthu kwa wamkulu: dzanja lamanja limatambasuka, lamanzere n'kugwira pamkono. Koma mwamuna salandira choncho tiyi kwa mkazi wake, m'nyumba mwake, atavala kabudula.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi ku Cape Town, kufupi ndi Milnerton. Ine ndinkaluka tsitsi musaluni ya m'kontena ku Dunoon. Iwo ndi katswiri wa fizikisi, ndipo ankagwira ntchito m'labotale, kupanga tizipangizo toyezera kugwedezeka kwa zinthu. Kamodzi kankachepa kuposa njere ya mpunga, koma kakamatidwa pa mlatho kankamva kuti mlathowo wayamba kutopa anthu asanaone mng'alu. Tsiku lina ananditengera kuntchitoko, ndinasuzumira pagalasi. Anali atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso ali pa maikulosikopu, akulumikiza timawaya topyapyala kuposa tsitsi la khanda. Polumikiza ankayamba agwira mpweya. Ndinkawaseka kuti tonse ndife oluka, kungoti makasitomala anga amadandaula ndikakoka. Ntchito yawo yonse inali m'zala, ndipo pemiti yokhalira m'dzikomo, yawo, yanga ndi ya mwana wathu wamkazi, inapachikika pa ntchito yomweyo.

Za ulemu wachilendowo ndinafotokozera anzanga kusaluni. Pakamwa panga sipachedwa. Mayi wina wa ku Machinga, amene tinkaluka naye mutu umodzi, anaimika manja.

"Sisi, mwamuna akayamba ulemu wadzidzidzi ndiye kuti wadya kwina. China chasintha n'chiyani?"

Ndinati asiya kuvala malaya a mabatani, angokonda masikipa. Ndevu sakudzimetanso okha, akupita kubabashopu.

"Eya! Akudzikongoletsera ndani? Cheka foni, sisi, usagone."

Ndinaseka nawo, koma mu takisi pobwerera mtima unali m'mwamba. Foni sindinaigwire. Ndinangoyamba kuwayang'anitsitsa amuna anga ngati mlonda, kufunafuna mkazi amene kunalibe.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, mwana wathu anawapatsa bisiketi. Analandira ndi manja awiri. Mwanayo anagwa nako kuseka.

"Adadi, kodi ine ndine agogo?"

Iwo sanaseke. Ine ndinadziwa pomwepo kuti palibe chibwenzi chimene chingachititse munthu kulemekeza mwana wa kupulayimale. Ndinayang'ana dzanja lamanzerelo. Silinali longokhudza mkono monga timachitira popereka ulemu. Linali litakanikiza, zala zitalowa m'mnofu, ngati munthu wagwira nkhuku kuti isapulumuke.

Pa chakudya chamasana ndinabweretsa beseni ndi jagi ya madzi. Panali patapita miyezi akuthamangira kukasamba m'manja pasinki ndisanafike nazo.

"Ndasamba kale, mayi."

"Sambaninso."

Anatambasula manja onse pamwamba pa beseni. Pamenepo palibe dzanja limene lingagwire linzake. Ndinathira madzi. Lamanzere linali phee. Lamanja linkanjenjemera, madzi n'kumathovukira pansi ndi pa chitenje changa. M'maso mwanga munabwera malume awo a ku Zomba, amene ndinawapeza nditangokwatiwa kumene: bambo wamkulu wosatha kufikitsa supuni pakamwa, akudyetsedwa ndi mdzukulu, anthu akunong'onezana kuti anawalodza. Ndinachita mantha kwambiri.

Ndinatuma mwana kukasewera kwa aneba.

"Zayamba liti?"

"Kalekale ndithu."

"Kuntchito akudziwa?"

"Ayi. Amangoti Amalawi ndife anthu aulemu. Abwana afika poyamba kundipatsa zinthu ndi manja awiri nawonso, ati akuphunzira chikhalidwe chathu."

Anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunatuluke. Ndinafunsa kuti nanga timawaya tija akulumikiza bwanji. Anati akudula tambiri kuposa tomwe akulumikiza, ndipo akumanamizira makina. Kontrakiti inali yoti aiwonenso kumapeto kwa chaka. Kenako anandiuza chimene chimandiwawabe mpaka lero. Anati asanaone kalikonse ndi maso, tsiku lina poyesa kachipangizo katsopano anakamata pa chikhadabo chawo, kungofuna kuona ngati kakugwira ntchito. Mzere wa pakompyuta, m'malo moyenda mowongoka, unayamba kuvina. Anaganiza kuti kawonongeka, anatenga kena. Nakonso chimodzimodzi. Atakamata pa dzanja lamanzere, mzere unagona.

"Sikanama, mayi. Ndinakapanga ndine."

Ine mantha anga amatuluka ngati ukali. Ndinawakalipira kuti mutu umodzi susenza denga, kuti ndakhala ndikuwaganizira zachibwenzi pamene iwo akudwala pamaso panga, kuti anandisandutsa mlendo wolandiridwa ndi manja awiri. Anangokhala, dzanja lija atalipanikiza pakati pa mawondo.

Masabata otsatirawo sindikufuna kuwabwereza. Mphepo ya ku Cape Town ikamagwedeza mawindo, ndinkangomva ngati nyumba yonse yatenga matendawo. Ndinkaona masutikesi pamwamba pa wadirobu n'kumaganiza za basi yobwerera kwathu, za mwana amene Chichewa chake chinali chopunduka, za munthu amene anaphunzira mpaka kuthothoka tsitsi akukakhala pakhonde anthu n'kumati anamulodza chifukwa cha sukulu. Ndinkaopa kuwapatsa ngakhale supuni. Ndinkaika zinthu patebulo n'kutembenuka kuti ndisaone. Kusaluni mizere yanga inayamba kukhota, mayi wa ku Machinga uja n'kumaphwasula mwakachetechete. Nditamuuza zoona, anagwira pakamwa, ndipo za foni sanatchulenso.

Kuchipatala ndinachita kuwakoka. Dokotala, mayi wachikulire ndithu, anawauza kuti agwire mphuno ndi chala, ajambule mzere wozungulira ngati nkhono, anyamule kapu yamadzi. Atawayeza zina ndi zina, anati ndi matenda a m'mitsempha oyenda m'magazi a banja. Sapha munthu. Mankhwala amachepetsa, ndipo si onse amene amafika pomwe anafika malume aja. Koma satha. Ine ndinapuma, ndinatsala pang'ono kumugwira mwendo dokotalayo. Amuna anga anafunsa funso limodzi lokha, ngati angathe kubwerera pa maikulosikopu. Dokotala anayang'ana mzere wawo wa nkhono uja, wonse uli manomano, n'kupukusa mutu.

Tsiku lokawauza abwana, amuna anga ananyamuka atavala malaya a mabatani, amene ndinawamanga ine. Tsiku lonse foni inali m'thumba la epuloni, ndipo ikangolira ndinkadzidzimuka mpaka kukoka kasitomala tsitsi. Sanaimbe. Ndinawapeza kunyumba madzulo dzuwa likadalipo, atakhala pampando osavula nsapato.

"Atichotsa?" ndinafunsa ndili pakhomo pomwe, chikwama chili paphewa.

"Ayi. Ati mutu akuufunabe. Ndizijambula tizipangizoto pakompyuta, olumikiza akhale ena."

Ndinathokoza Mulungu mokweza, mwina mokweza kwambiri. Masutikesi akhala pomwe ali, mwana apitiriza sukulu. Koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wapulumuka. Anati masana anaima pagalasi paja, pomwe ndinaima ine tsiku lija, kuonerera mnzawo akulumikiza kachipangizo kamene iwo anakaganizira kwa zaka.

"Ndinapezeka ndagwira mpweya ine, wolumikiza ali wina."

Ndinalowa kukhitchini kukawaphikira tiyi, ndipo ndinamusiya dala kuti apoleko. Nditabwera naye, mwana ali pomwepo akulemba za kusukulu, amuna anga anatambasula dzanja lamanja, lamanzere n'kuthamangira pamkono monga mwa chizolowezi. Ndinabweza kapu.

"M'nyumba muno ayi. Ine si abwana anu. Dzanja limodzi."

"Nditaya, mayi."

"Tayani. Chokolopera chilipo."

Mwana anasiya kulemba. Iwo anatsitsa dzanja lamanzere pang'onopang'ono n'kuliika pabondo. Analandira. Kapu inagwedezeka, tiyi anakhavukira pa thalauza ndi pansi, koma sanaisiye, ndipo nanenso sindinatembenuke. Ndinaona zonse mpaka kapu inafika pakamwa. Anamwa wotsalayo.

Ndinagwada kukolopa kuti asaone nkhope yanga. M'chaka chonsecho, ameneyo anali tiyi woyamba amene analandira kwa ine ngati kwa mkazi wawo.