Phewa la a Jeremiya ndi chitseko cha ku Kigamboni

Amalawi onse a ku Mbagala kuno akuwadziwa a Jeremiya, aja amayenda chopendekera ngati daladala, minibasi ya kuno, yodzaza mbali imodzi. Ena akuti ndi nyamakazi. Bodza. Ine ndimakhala nawo khomo loyandikana, khoma lathu n'lopyapyala, ndiye za phewa limenelo mumve kwa ine.

A Jeremiya anabwera ku Dar ali mnyamata, pa lole ya achimwene awo, kuti adzaphunzire udalaivala. Chomwe anaphunzira n'kutsegulira anzawo oyendetsa. Zaka khumi ndi zisanu anali mlonda kwa Bi Salha ku Kigamboni, mayi wamasiye wogulitsa nsalu. M'mawa uliwonse daladala, kenako pantoni, chombo chowolotsa anthu padoko. Ulondawo linali dzina chabe. Ntchito yeniyeni inali kukweza chitseko chachitsulo cha galaja galimoto ikamatuluka, n'kuchitsitsa ikalowa.

Ndiye Bi Salha anaikitsa mota wokweza chitsekocho, wongodina rimoti uli m'galimoto. A Jeremiya anafika kunyumba n'kuuza akazi awo a Dinah kuti, "Mayi a Tione, andilembera mnzanga wosadya, wosapempha tchuthi."

Chaka choyamba mnzawoyo anagwira bwino. Koma mphepo ya mchere ya ku Kigamboni siyisiya chitsulo chili bwino. Tsiku lina mota anabuula, nakweza chitseko kufika m'mawondo, nanjenjemera, n'kuchibweza pansi. Tsono panyumba paja chilichonse chikawonongeka wolakwa ndi mlonda. Pampu yamadzi itapsa anakalipiridwa sabata yathunthu. Choncho a Jeremiya analowera kakhomo ka kumbali, naika phewa pansi pa chitseko, n'kukankha. Chinakwera. Bi Salha, ali m'galimoto, anangoona chikukwera mwaulemu.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkucha chimodzimodzi.

Musaganize kuti sanayese kumuchiza wodwalayo. Anasintha mabatire a rimoti. Anapukuta timaso ta m'munsi mwa chitseko ndi malaya awo. M'tinjanji momwe chitseko chimayenda anathiramo mafuta ophikira.

"Bambo a Tione, mafuta anga a vitumbua akupita kuti?"

"Akumwa mota."

"Osangowauza abwanawo bwanji kuti chinthu chawo chafa?"

"Chafera m'manja mwa ndani? Iwenso, ukufuna andithamangitse?"

Ine ndinawapeza Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, akulephera kuvula jekete. Ndinati, "Achimwene, mwakwatira mitala eti? Uyu wa ku Kigamboni mukumunyamula kawiri patsiku, a Dinah simunawanyamulepo ngakhale tsiku laukwati."

"Mlongo, pakamwa panupo pakufunika rimoti yotsekera," anatero.

Zaka ziwiri zinatha akusenza chitseko. Ndipo anasenza bwino kwambiri, ndiye tsoka lake limenelo. Tsiku lina Bi Salha anawaitanira pakhonde, nawapatsa mpando, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anati, "Mzee, mwakalamba, kapumeni. Pageti ndaika kamera, ndipo mota uyu chimuikireni sanandikhumudwitsepo ngakhale kamodzi."

Apa ndi pomwe munthu akanaulula. A Jeremiya anatsegula pakamwa, n'kutulutsa "Asante, mama."

Koma kunyumba anafika akuseka. "Dikirani mawa! Andiimbira okha, andipempha chogwada." Anatchaja foni mpaka kudzaza. A Dinah anasita yunifolomu n'kuiyala pampando.

Zomwe zinachitika mawa lakelo ndinazimva kwa Mwanakheri, wophika wa panyumbapo, yemwe timagula limodzi nsomba. Chitseko chinakweradi kufika m'mawondo n'kubwerera, galimoto n'kutsekeredwa mkati. Bi Salha anatengadi foni. Anaimbira fundi, mmisiri wokonza zitseko, dzina lake Joachim.

Joachim anafika pa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, nakoka kachingwe kofiira kolekanitsa mota ndi chitseko, nayesa kukweza ndi manja. Msana unalira. Anayang'ana pamwamba n'kuloza sipuling'i yaikulu, yoduka pakati, dzimbiri lokhalokha.

"Mama, mota alibe mlandu. Wonyamula kulemera ndi sipuling'i iyi, mota amangoperekeza. Ndipo iyi inaduka kalekale. Masiku onsewa amakukwezerani ndani, jini?"

Bi Salha anati, "Mota wabwino ameneyo, ndinasankha ndekha."

Mwanakheri, amene ankaona zonse pawindo la kukhitchini kwa zaka ziwiri, anangopitiriza kusenda anyezi. Nayenso ali ndi ana.

Joachim anaika sipuling'i ina tiyi amene anamupatsa asanazizire. Chitseko chinakwera ngati nsalu yapawindo.

Foni ya a Jeremiya inalira kamodzi sabata imeneyo. Anali a kwaya, kufunsa chifukwa chake sakubwera. Nkhani ya sipuling'i ndinawauza ndine, poti pakamwa panga mukupadziwa. Anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Ola limodzi silinakwane?" Ndinati silinakwane.

Ayesa kufunsira ntchito kwina. Ku Sinza, panyumba ya alendo, anawauza kuti anyamule sutikesi awaone, n'kuwabweza. Yunifolomu ija a Dinah anaichotsa pampando poti mpando ukufunika.

Dzulo ndinawapeza pakhonde akuyesa kupachika chipewa pamsomali. Mkono unakwera kufika pachifuwa, unanjenjemera, n'kubwerera pansi. Nthabwala inali itafika kale palilime, yabwinonso. Ndinangotenga chipewacho n'kuwapachikira.