Dzina la Azakhali M'munsi mwa Pepala

Ine ndinaphunzira zamalamulo, ndipo nkhani yopanda umboni sindiilandira. Choncho amene akufuna kunditsutsa pa zimene ndilembe pano za azakhali anga abwere ndi mapepala ake, pakuti ine anga ndili nawo.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu m'labotale ya fizikisi pa yunivesite ina. Si aphunzitsi ayi. Ntchito yawo ndi kuyala zipangizo ophunzira asanalowe, kuzitolera akatuluka, ndi kukonza zimene aononga. Chipinda chawo chili pansi penipeni pa nyumbayo, kuseri kwa masitepe, ndipo zenera lake limayang'anizana ndi matayala a magalimoto a aphunzitsi. Ophunzira anawapatsa dzina lakuti a Kayezenso, chifukwa munthu akabweretsa nambala yopeka, iwo amangoiyang'ana kamodzi n'kumubwezera kope lake: "Kayezenso, mwanawe. Waya sanama, wonama ndiwe."

Ndinakhala m'nyumba mwawo zaka zonse za maphunziro anga. Mwana analibe, ndipo ankati phokoso langa likukwanira ana asanu. Digiri yoyamba anaipeza akugwira ntchito, yachiwirinso chimodzimodzi, kuwerenga pa nthawi imene anzawo akudya nkhomaliro.

Chimene chinatchukitsa labotale imeneyo ndi bokosi. Pulofesa wamkulu wa gawolo ankafufuza mmene kutentha kumadutsira m'njerwa zamitundumitundu, koma kwa zaka ziwiri manambala ankangoyendayenda: lero ena, mawa ena. Azakhali ndi amene anazindikira kuti kutenthako kunkathawira m'mphepete mwa njerwa. Anatenga filiji yakufa, naichotsa zam'kati, nazunguliza kawaya kena kotenthetsa m'mbali monse kuti kutentha kusowe kothawira. Manambala anakhazikika. Kuchokera m'bokosi limenelo munatuluka mapepala a kafukufuku asanu ndi anayi, komanso ophunzira anayi amene lero amatchedwa madokotala a fizikisi.

Chaka chatha, ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, azakhali anandiitana Loweruka lina masana, nandiuza kuti nawonso akufuna digiri ya udokotala. Yunivesite ya mumzinda wina inali italengeza malo. Panali lamulo limodzi lowawa: digiri yachiwiri isakhale itapitirira zaka khumi. Yawo inali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwayi unali womwewo, wina kunalibe.

Tinakhala patebulo, ine ndikulemba pa kompyuta, iwo akundiuza zolemba. Dongosolo la kafukufuku wawo linali lakuthwa moti ngakhale ine, amene fizikisi ndinaithawa ndili mwana, ndinalimva. Vuto linabuka pa gawo la fomu lofunsa mapepala amene munthu anasindikiza. Azakhali analowa kuchipinda, natuluka ndi failo. Munali mapepala onse asanu ndi anayi, ndipo pa tsamba lomaliza la pepala lililonse anali atalemba mzere wofiira kunsi kwa dzina lawo.

"Azakhali," ndinatero, "apa akufuna mapepala amene munalemba, osati amene munathokozedwamo."

"Nanga manambala onsewa anayeza ndani? Agogo ako?"

"Ndiye dzina lanu pamwambapa lili kuti?"

"Si ilo pansipo? Maso ako ndi okongoletsa nkhope?"

"Ndaliona. Lili pakati pa dalaivala ndi kampani imene inapereka njerwa."

"Dalaivalayo ndi munthu wabwino, usamunyoze."

Anandifotokozera kuti m'gawo lawo ndi mmene zimakhalira kuyambira kale: aphunzitsi ndi ophunzira awo amalembedwa pamwamba, anthu a m'labotale amathokozedwa pansi. Ndinawayankha kuti mwambo ukhoza kukhala wakale n'kukhalabe wakuba, ndipo ndinapereka mfundo zinayi. Anamvetsera ziwiri, nanyamuka kukaphika tiyi. Gawo lija tinalisiya lopanda kanthu.

Chiyembekezo chonse chinatsalira pa kalata ya umboni, imene pulofesa anayenera kutumiza yekha ku komiti yosankha. Ndinalemba mfundo zimene kalatayo inayenera kunena, ndipo ndinawapempha azakhali kuti akamupatse. Anakana kwamtuwagalu.

"Munthu wamkulu sauzidwa zolemba. Tagwira limodzi ntchito iwe usanamere mano. Akundidziwa."

Pulofesayo si munthu wankhanza, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa nkhaniyi ikanakhala yopepuka akanakhala wankhanza. Anavomera mokondwa, nalemba tsiku lomwelo, ndipo mwa ulemu wake anawapatsa azakhali kope lina m'envulopu. Iwo anandiimbira foni kuti ndibwere msanga. Ndinawapeza atavala magalasi awo owerengera, nkhope ikuwala, ndipo anandiwerengera mokweza, pang'onopang'ono, ngati munthu amene safuna kuti chakudya chokoma chithe.

Kalatayo inkati pa zaka makumi awiri ndi zitatu mayiyu sanachedwepo kuntchito. Inkati sanaswepo chipangizo. Inkati ndi waukhondo, wokhulupirika, womvera malangizo, ndipo sanayankhepo mkulu wake mwamwano. Inkati labotale singayende popanda manja ake. Manja anatchulidwa katatu. Mutu sunatchulidwe ngakhale kamodzi, ndipo za bokosi munalibe.

"Wamva?" anatero azakhali. "Akuti singayende popanda ine."

Pano ndiyenera kuvomereza mlandu wanga. Ndinati: "Azakhali, kalata iyi ndi yabwino kwambiri kwa munthu wofunsira ntchito ya ulonda."

Sanandikalipire. Anaipinda bwinobwino m'mene inapindidwira, naibwezera m'envulopu, nandifunsa ngati ndadya. Zimene ndinanena zinali zoona, ndipo mpaka lero sindinapeze wondikhutiritsa kuti zinali zabodza. Koma ndikanatha kuwasiyira tsiku limodzi lokha loti asangalale.

Patatha milungu isanu yankho linafika. Komiti inayamikira dongosolo la kafukufuku wawo, koma inati sinapeze chilichonse chosonyeza kuti angathe kufufuza paokha, popanda wowalondolera. M'munsi munali chiganizo chimene ndinachigwira ngati chingwe: wokanidwa akhoza kudandaula pasanathe masiku khumi ndi anayi, ngati ali ndi umboni watsopano.

Umboni unalipo. Azakhali amasunga makope awo onse a m'labotale, ndipo m'kope la chaka chimene bokosi linapangidwa muli zojambula zonse, ndi masiku ake, m'zolemba za dzanja lawo. Chinkasoweka ndi dzina la pulofesa basi. Ndinalemba ndime imodzi, yopanda mawu oluma, yonena kuti nzeru ya bokosi ndi njira yoyezera zinachokera kwa iwo. Masiku khumi ndi awiri anapita azakhali akuzengereza. Tsiku lakhumi ndi chitatu anati, "Tiye, koma pakamwa pakopo usiye pakhomo."

Ofesi ya pulofesa ili pamwamba, ndipo azakhali anagogoda ngati kuti chitseko chingamve kupweteka. Pulofesa anatilandira bwino, nandifunsa za ntchito yanga, nadandaula kuti komitiyo ilibe maso. Kenaka anawerenga ndime ija kawiri, nakwinya mphumi.

"Koma mayi, bokosi lija silinabwere pamodzi ndi zipangizo zija tinalandira kuchokera kunja?"

Ndinamuyang'anitsitsa, pakuti ntchito yanga ndi kudziwa munthu akamanama. Sankanama. Anali ataiwaladi.

"Ayi, bwana," anatero azakhali. "Inali filiji ya m'chipinda chomwera tiyi. Munasaina nokha kuti ndiitenge."

Anatsegula kope lija naliika patebulo. Pulofesa anavundukula masamba limodzilimodzi. Nkhope yake inasintha, ndipo ndikukhulupirira kuti manyazi anamugwira. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Mwanena zoona, mayi. Pepani. Koma taganizirani. Ndikasaina apa, ndiye kuti mapepala onse aja ali ndi maina olakwika. Ana anayi aja analemba m'mabuku awo a udokotala kuti njira imeneyi anaikonza ndi ine. Komiti imeneyi ndi ya anthu odziwana ndi amene anawayesa. Akayamba kufunsa, sadzalekera pa ine."

Apa pakamwa panga panakana kukhala pakhomo. Ndinayamba kufotokoza kuti kukonza dzina pa pepala ndi chinthu chololedwa, kuti digiri silandidwa pa chifukwa chotere, kuti mantha ake ndi okokomeza. Ndikadali pa mfundo yachiwiri, azakhali anandigwira bondo.

"Ukutsimikiza kuti sangawakhudze?"

"Mwina kufunsidwa mafunso chabe."

"Ndati ukutsimikiza?"

Sindikanatha kutsimikiza, ndipo iwo anaona zimenezo pankhope panga. Ana anayiwo ankawadziwa kuposa mmene pulofesa ankawadziwira. Mmodzi ankagona m'labotale pamene analibe pokhala, iwo n'kumamubisa kwa alonda. Wina, mtsikana, anabereka ali pakati pa kafukufuku, ndipo azakhali ankamuyezera njerwa zake iye akuyamwitsa. Anatambasula dzanja, natenga pepala langa patebulo, naliika m'kati mwa kope, natseka.

"Zikomo, bwana. Takutayitsani nthawi."

Pulofesa anaimirira, natiperekeza mpaka pakhomo. Ankaoneka kuti akufunafuna choti anene chokoma, ndipo chimene anapeza ndi ichi: "Mayi, Lolemba kukubwera anyamata awiri atsopano a udokotala. Palibenso wina amene angawaphunzitse bokosi lija kuposa inu."

"Ndidzawaonetsa, bwana."

Tinayamba kutsika masitepe. Pakati pa njira azakhali anaima, nagwira chitsulo cha m'mbali. Ndinaganiza kuti mawondo awavuta. Nditawayang'ana ndinaona misozi ikutsika, koma nkhope ili phee, ngati misoziyo ndi ya munthu wina. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo anga.

"Kukanidwako ndikanapirira," anatero. "Koma akuti linachokera kunja."

Ndinati tsiku lilipobe limodzi, tikhoza kutumiza kopelo palokha popanda dzina la pulofesa. Anapukusa mutu. Anati kope lopanda woliikira umboni ndi mawu a munthu wodzitama, ndipo likafika kumeneko mafunso adzakhala omwewo, ana ake omwewo. Ndinatsutsa mpaka tinafika pansi. Anatulutsa makiyi, natsegula chipinda chawo, nandiuza kuti ndizipita kuntchito ndisanachotsedwe.

Tsiku lakhumi ndi chinayi linadutsa. Lolemba anyamata awiri aja anafika, ndipo azakhali anakhala nawo mpaka madzulo, kuwaonetsa pomangira njerwa ndi podutsa kawaya ka m'mbali. Mmodzi wa iwo anafunsa kuti bokosilo linapangidwa ndi kampani yanji. Azakhali anamuuza kuti asamale chitseko chake, chifukwa mahinjesi ndi okalamba.