Tsiku Limene Amayi Aang'ono Anagwetsa Tenti ya Ahedi

Mpaka lero m'tauni mwathu muli anthu amene amati amayi anga aang'ono ndi amwano, kuti anachita kudzichotsa okha pa kantini ya sukulu chifukwa cha makani. Onena zimenezowo sanaliko tsikulo, kapena analiko koma maso ali ku mpira wamiyendo. Ine ndinaliko, nditavala jezi, ndipo nkhaniyi ndiinena mmene inayendera. Wokwiya akwiye.

Amayi aang'onowa ndi mng'ono wawo wa amayi anga ondibereka. Ananditenga nditasankhidwa kupita ku sekondale, poti nyumba yawo inali kuseri kwa sukuluyo. Ndi munthu wamtali zoopsa, moti pakhomo la kantini ankachita kuwerama. Ana asukulu ankawatchula kuti Mlongoti, koma kumbali, pamaso pawo unkangoti “anti”. Kutalikako kunawazunza kuyambira ali mtsikana. Nsapato za akazi sizinkawakwana, diresi iliyonse ankaiwonjezera nsalu m'munsi, ndipo amuna awo, asanathawe banja, ankachita manyazi kuyenda nawo pamsewu. Malo okha amene msinkhu wawo unawachitirapo ubwino ndi pa bwalo la basiketibolo. Anasewera ali pasukulu, mpaka mimba ya mwana wawo woyamba inawasiyitsa sukulu ndi mpira womwe.

Kantiniyo kanali kachipinda kamodzi kogundana ndi labu, ka zenera la zitsulo ndi firiji yolira ngati ili ndi chifuwa. Ankagulitsamo buledi, mabisiketi, zakumwa, makope ndi zolembera. Chipindacho chinali cha sukulu, ndipo ife tonse kunyumba tinkadya kuchokera pazenera limenelo. Zeneralo linkayang'ana pa bwalo la simenti long'ambikang'ambika, pamene kwa zaka ana ogonera pasukulu ankangoyanikapo matiresi. Tsiku lina amayi aang'ono anatopa nako kuliyang'ana. Anazula udzu m'ming'alu, anakanyengerera wowotcherera zitsulo wa kumsika kuti awongole maringi, mikombero ija yoponyamo mpira, kenako anajambula mizere ndi penti yotsala kwa akalipentala a sukulu. Atsikana ankawakolera pazenera pomwepo. Ukabwera kudzagula buledi ankakuyang'ana manja ndi miyendo, n'kukuuza kuti poweruka ubwere ndi nsapato zofewa. Ine sanandifunse n'komwe, anangondiponyera mpira pachifuwa.

Sukulu yathu inali ya mpira wamiyendo, ndipo ndisaname, anyamata ankautha mpira. Nyengo yawo ikayamba, ometa tsitsi, oyendetsa njinga ndi alonda a kubanki onse ankasanduka makochi. Lolemba pa asembule ahedi ankafotokoza chigoli chilichonse, ndi mwendo womwe chinachokera. Ife tikapambana ankangoti asungwana nawonso anayesetsa, n'kulumphira ku nkhani ya zinyalala za kuseri kwa zimbudzi. Zinkandiwawa, koma amayi aang'ono ankati tisamamvere za pa asembule, poti asembule siponya mpira mu ringi.

Chaka chimenecho tinali titajombapo kale masewero amodzi a ligi. Galimoto imene anatilonjeza inatembenuzidwa m'mawa womwewo kuti ikanyamule ochemerera anyamata, ife n'kutsala pageti titavala majezi. A ligi anatichenjeza kuti tikajombanso atifufuta, ndipo sukulu zina zinali kale pamzere kudikira malo athu. Timu ikafufutidwa choncho sibwerera, bwalo likanabwereranso kwa matiresi. Masewero athu otsiriza anali oti tisewere pakwathu, Loweruka, tsiku lomwelo la fainolo ya anyamata.

Lachisanu poweruka tinapeza anthu a tenti akutsitsa mapaipi pa bwalo lathu. Ati alendo olemekezeka, akomiti ya makolo ndi amalonda amene anagulira anyamata nsapato, sangakhale pafumbi. Simenti yathu inali pokwera, moyang'anizana bwino ndi bwalo la mpira wamiyendo. Ndiye taonani chipongwe: zingwe za tenti anazimangirira ku mizati ya maringi athu, pamwamba penipeni, atakwera makwerero.

Amayi aang'ono anavula epuloni n'kupita ku ofesi, ine ndikuwatsata mpaka pakhonde. Analankhula mwaulemu, ndinamva ndi makutu angawa. Anafotokoza za chenjezo la ligi, anapempha kuti tenti aisunthire pa kapinga pafupi pomwepo. Ahedi anati timu yodzasewera nafe tiiuze ibwere sabata ina. Atauzidwa kuti a ligi salola, anaseka, amvekere ligi ya asungwana si chinthu choti munthu n'kufera. Kenako mawu anasintha.

“Mayi, inu ntchito yanu pano ndi kugulitsa buledi. Kiyi wa kantini uja ndi wa sukulu, musaiwale.”

“Sindinaiwale, ahedi,” anatero, n'kutuluka.

Pobwerera kunyumba ndinali nditafufuma ndi mkwiyo, ndikulumbira kuti tentiyo ndiing'amba ndi lezala. Koma titafika n'kuona mwana wawo wamng'ono akulemba homuweki pakhonde, mkwiyo unasanduka mantha. Ndinawauza kuti tingozisiya, mpira sitidya, kantini ikapita tilowera kuti? Iwo anangondifunsa ngati jezi yanga ndachapa, nditati ayi anandikalipira ngati ndapha munthu.

Loweruka anatsegula kantini monga mwa masiku onse, n'kumagulitsa zakumwa kwa anthu obwera ku fainolo. Pansi pa tenti panali patadzaza mipando yapulasitiki, kutsogolo kuli tebulo la nsalu yoyera ndi chikho. Minibasi ya timu yachilendo inafika pamodzi ndi woyimbira masewero, bambo wina wamfupi wosaseka. Anayang'ana tenti, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti nthawi ikakwana bwalo lili chomwecho iye alemba kuti eni malo alephera, zifukwa tikanene ku ligi. Anzanga ena anayamba kulira. Ine ndinkangoyang'ana pazenera la kantini.

Zeneralo linatsekedwa. Amayi aang'ono anatuluka, anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la epuloni, ndipo anabwera osathamanga. Anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti pasapezeke mwana wasukulu wokhudza chingwe kapena paipi, poti ife angatichotse sukulu. Yathu inali mipando yokha, ndipo tiinyamule bwinobwino, tikaiyale pa kapinga m'mizere yowongoka, yoyang'ana ku mpira wamiyendo. Tebulo la chikho tinalinyamula anthu anayi ngati muli mazira. Atsikana achilendo aja, osawapempha, anatsika m'minibasi n'kuyamba kunyamula nafe.

Zingwe amayi aang'ono anamasula okha. Mfundo zimene amuna aja anamanga ali pa makwerero, iwo anangonyanyamphira pang'ono n'kuzifikira. Anamasula mbali imodzi, anazungulira modekha, anamasula inayo. Tenti inayamba yapendekeka, inapuma mpweya, kenako inakhala pansi yonse. Anaikoka ndi manja awo mpaka kunja kwa mzere, anthu a tenti ali kukamwa yasa, mmodzi n'kuliyatsa liwiro la ku ofesi.

Ahedi anabwera atavala suti, alendo ali pambuyo pawo. Sindinawaonepo atakwiya choncho. Anayamba ndi kufunsa kuti sukulu ino mwini wake ndani, anapitiriza ndi za ulemu, za alendo, za mayi wosaphunzira wofuna kulamula aphunzitsi. Amayi aang'ono anawasiya alankhule. Asanafike pa nkhani ya kantini, iwo anapisa dzanja m'thumba.

“Kiyi wanu nayu. Mipando yanu ili apo, sitinathyole ndi umodzi womwe. Tsopano tasunthani pang'ono, ahedi, mwaima pa mzere.”

Ahedi anayang'ana pansi. Analidi ataponda mzere. Woyimbira uja anaika wezulo pakamwa n'kumawadikira, ndipo pamaso pa alendo onse aja anabwerera m'mbuyo.

Mukufuna ndiname kuti tinapambana? Anatikwapula. Manja athu anali atalema ndi mipando, ndipo ringi imodzi inali itapindika ndi chingwe moti mpira unkangoterereka. Otionerera anali anthu a tenti aja, amene anakhala pa mapaipi awo, ndi mayi mmodzi wa m'komiti amene anatembenuza mpando wake n'kufunyulula ambulera. Kumunsi anthu ankakuwa, mavuvuzela ali pakamwa. Anyamata anatenga chikho, ndipo sindiwachitira nsanje, anachivutikira. Alendo olemekezeka anaonera ali padzuwa, anatuluka thukuta, palibe anakomoka. Ife tinasewera mpaka wezulo yomaliza, ndipo woyimbira analemba kuti masewero achitika.

Lolemba ahedi sanatchule za ife pa asembule. Mlonda ndiye anatumidwa kudzanena kuti amayi aang'ono atulutse katundu wawo, ndipo kuyambira tsikulo asadzapondenso mkati mwa mpanda wa sukulu. Kantini anapatsidwa mlamu wa achiwiri kwa ahedi. Firiji tinaikankha pa wilibala kudutsa pageti, ana asukulu akutiyang'ana m'mawindo, ndipo pasanathe mwezi inagulitsidwa. Tinavutika, ndisabise. Tiyi tinkamwa wopanda shuga, mwana wawo anapita kusukulu ndi nsapato yong'ambika teremu yonse, ndipo achibale amene sanatipatsepo ngakhale sopo ankabwera kudzawauza kuti akapepese. Masiku ena nanenso ndinkawakwiyira, ndikaona akusita epuloni yopanda kopita nayo. Kupepesa anakana. Ankati akapepese chiyani, kumasula chingwe?

Dzina la sukulu yathu linatulukanso mu ligi ya chaka chotsatira. Kochi tinalibe, poti aphunzitsi a zamasewero anati ali ndi zambiri. Tsiku loyamba la zokonzekera tinasonkhana pa simenti tokhatokha, osadziwa poyambira, mpaka tinamva mawu kuseri kwa waya wa mpanda. Kumbuyo kwa bwalo lathu kumadutsa kamsewu kafumbi ka anthu opita kumsika. Pamenepo amayi aang'ono anali ataikapo katebulo, pali mabisiketi ndi zolembera, mwala utapsinja pepala la pulasitiki kuti lisauluke. Mlonda anathamangira komweko kukawauza kuti analetsedwa. Anamuyankha kuti analetsedwa mkati, msewu si wa ahedi, ndipo ngati akufuna bisiketi agule.

Nyengo yonseyo anatiphunzitsa ali kunja. Dzuwa linkawawomba, malole ankawathira fumbi, mvula ikabwera ankafunditsa katundu pulasitiki iwo n'kumanyowa. Pa nthawi yopuma matimu ena ankakhala pa benchi mozungulira kochi wawo, ife tinkathamangira ku mpanda n'kukoleka zala mu waya, iwo akutijambulira pafumbi la msewu ndi kamtengo. Pa masewero oyamba a pakwathu ndinatembenuka mpira uli mkati, n'kuwaona akubweza chenje kwa munthu ndi dzanja limodzi, linalo litagwira waya, tsitsi litayera ndi fumbi. Ndinangoima pomwepo, misozi ili lengelenge. Anandiona.

“Iwe, mpira uli m'bwalo, ukuyang'ana ine chifukwa chiyani? Bwerera kumbuyo, kweza manja!”

Ndinabwerera, ndinakweza manja.