Chizungu cha a Twaibu

Ndinanyamuka pa Balaka m'mawa, amayi a mandasi akutsitsa kumene mabeseni awo padepoti. Chimene chinandiyendetsa ndi uthenga wa pafoni wochokera kwa Asiyatu, mwana wa aphunzitsi anga akale a Chingerezi, a Twaibu. Monga mwana wa mphunzitsi, analemba m'Chizungu: "The stroke has blocked father's speech." Kunena kuti matenda oumitsa ziwalo atseka mawu a bambo ake. Ine mtima unakakamira pa liwu limodzi lokha, blocked. Ngati mwanayu anasankha liwu loyenera, ndiye kuti mawu a a Twaibu sindidzawamvanso, ndipo ndinachita mantha.

Kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde anandidula zikwi zitatu, nalumbira kuti watsala munthu mmodzi basi. Munthu mmodziyo tinamudikira mpaka dzuwa linayamba kuwawa pakhosi. Ndili pampando wakumbuyo, mawondo atagunda thumba la nandolo, maganizo anabwerera kusekondale yathu ya pafupi ndi Nselema, kumene ndinaphunzira bambo anga akugwira ntchito kumeneko.

A Twaibu sankaphunzitsa mawu ndi choko chokha. Tsiku lina anapingasa benchi pakhomo la kalasi, natiuza kuti tituluke. Tinalephera. "Ameneyo ndiye block," anatero, "palibe chodutsa." Anakankhira benchi pambali pang'ono, ife n'kumatuluka chammbali ngati nkhanu, iwo akuti ameneyo ndi obstruct, chinthu chaima panjira. Kenaka anagwira malaya a mnyamata wina kumbuyo n'kumuuza kuti aziyenda. Mnyamatayo anayenda ndithu, koma movutikira, aphunzitsi akukokeka pambuyo, kalasi yonse itagwira m'mimba ndi kuseka. "Hinder! Akuchedwa, koma akafika." Za prevent anangoti mawa lake adzakhoma chitseko tisanabwere, kuti kulowako kusachitike n'komwe. Ndipo anakhomadi. Amene wapezeka akulankhula Chichewa kapena Chiyao pasukulu ankamuveka chigoba cha nkhono m'khosi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinachivala mpaka chinandizolowera.

Pa Liwonde tinafika cha m'ma teni. Tinaima kaye palodibuloko, liwu limene a Twaibu akanalitsutsa, poti apolisi anangosuzumira n'kutikweza dzanja. Pamlatho ndinayang'ana Shire, namasupuni atawunjikana mbali imodzi, madzi akudzipezera njira pansi pake. Ndinadya chipisi cha kabichi wambiri kuposa mbatata, n'kukwera kagalimoto ka siyenta kopita ku Ntaja ndi Nselema. Kutsogolo tinakhala anthu anayi, dalaivala akusintha magiya pakati pa miyendo ya mnzake.

Pambali panga panali mtsikana wa mwana kumsana, maso ali pafoni, akung'ung'udza. Bambo wina wachikulire wovala mkanjo ndi chisoti choyera anamufunsa chavuta n'chiyani.

"Amuna anga ali ku Joni, ababa. Andibuloka."

"Kubuloka ndiye kutani? Akupatsani mawu?"

"Iyayi, sanandisiye. Kungoti ndikaimba sizikulowa."

"Mayi, kumeneko si kubuloka," dalaivala analowerera, "ndi mapiri awa. Dikirani tifike pa Nsanama."

Tisanafike n'komwe pa Nsanama foni inalira. Mtsikana uja anayankha mokalipa, koma nkhope yonse ili mwee. Tonse tinaseka, bambo aja n'kuti Alhamdulillah. Ine ndinaseka nawo, koma m'mtima ndinachita nsanje. Ndinalakalaka kuti zanganso zikathe chomwecho.

Pa Nselema ndinatsika dzuwa litapendeka. Msika wakula, mashopu a malata owala aima pamene panali mitengo ya mango imene tinkabisalamo pothawa kulima m'munda wa sukulu. Fungo lokha la nsomba zouma ndilo silinasinthe. Ndinagula mpunga ndi shuga kuti ndisafike manja lende, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza yolowera ku Chiuta, kwawo kwa a Twaibu.

"Ndi aphunzitsi aja ovala tayi ngakhale popita kudimba?" wakabaza anafunsa, akuzemba mchenga. "Amene aja anatikhaulitsa. Gwiritsitsani, mayi, apa pamagwetsa."

Msewu wafumbi unatidutsitsa m'minda ya mpunga wokololakolola, tikusemphana ndi njinga zosenza madengu a nsomba. Titafika ndinali wofiira fumbi mpaka m'nsidze.

Asiyatu anandilandira thumba n'kunditengera kukhonde. A Twaibu anali pampando wa ndalema, atawafunditsa chitenje m'miyendo, dzanja lamanja lili gone pantchafu. Aonda, ndipo tayi panalibe. Ndinagwada pafupi, n'kupereka moni umene iwo anatiphunzitsa.

"Good afternoon, sir."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti andizindikira. Milomo inagwedezeka, khosi linakoka mitsempha, koma palibe chinatuluka. Anayesanso. Kenaka anayang'ana kumbali. Misozi inandilengeza, ndipo ndinadzida chifukwa chowavutitsa.

"Achemwali, Chizungu musawayese," Asiyatu ananong'ona. "Chinapita chonse. Chichewanso chimawakanika. Chimene chayamba kubwerera masiku ano ndi Chiyao, cha amayi awo."

Ine kwathu ndi kwa Nsamala, makolo anga ndi Alomwe, ndipo Chiyao changa ndi chogulira tomato basi. Ndiye a Twaibu ndi amene anayamba. Mawu anabwera mmodzimmodzi, olemera, koma anali awo enieni, okhuthala aja amene ankamveka mpaka kubwalo la mpira.

"Ali... uli... mwanangu?"

"Ndili chenene," ndinayankha, kunena kuti ndili bwino.

Anapukusa mutu. Ndinatembenukira kwa Asiyatu, iye akuseka misozi ili mbwee. "Akuti mwatchula molakwika. Bwerezani."

Ndinabwereza. Anapukusanso mutu, nakweza chala cha dzanja lamanzere. Kachitatu ndi pamene anavomera. Kenaka analoza kapu imene inali pamphasa. "Mesi," anatero. Madzi. Ine n'kuti mesi. Analoza nsomba zimene zinali pathandala. "Somba."

Ndinapita ku Chiuta kukayesa liwu limodzi la Chizungu ngati likukwana, ndipo ndinaiwala zoliyesazo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti matenda aja anawalanda zilankhulo ziwiri ndi dzanja limodzi, koma uphunzitsi sanaupeze pamene umakhala. Wakabaza analiza hutala kunja mpaka anatopa. Ndinamuuza kuti adzanditenge mawa, ine ndili m'kalasi.