Khadi la amuna anga pa dooko la Muloza

Ena ndikawauza nkhaniyi amati ndikuthira mchere, koma ndi imvi zonsezi ndinamize anthu kuti ndipindulenji? Izi ndinaziona ndi maso angawa, zaka zija kutsidya kwa mtsinje wa Muloza kunkalira mfuti, ife tikukhala kufupi ndi Limbuli, ine ndikutchola tiyi ku esiteti, amuna anga ali kapitawo komweko.

Wailesi inkangoti dziko lathu ndi la mtendere, nkhondo ya ku Mozambique ndi ya eni ake. Bodza lamkunkhuniza, chifukwa tonse tinkadziwa kuti asilikali athu ankatumizidwa kukalondera njanji kumeneko pothandiza boma la kwawoko, ndipo ena ankabwerako m'mabokosi okhomeratu. Chimene sitinkadziwa n'chakuti akuluakulu omwewo, ndi dzanja lawo linalo, ankadyetsanso zigawenga zomwe zinkapha ana athuwo.

Ndiye malume anga anamwalira kutsidyako. Ife Alomwe mtsinje uja sunatilekanitsepo, abale ali uku ndi uko, ndipo maliro a malume ungawazembe bwanji? Amuna anga anakana kuti ndipite ndekha. Anavala jekete lawo, khadi la chipani lili m'thumba la pamtima monga mwa masiku onse, paja nthawi imeneyo wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi.

Tikuchokera kumanda, dzuwa lili paliwombo, m'munda wa nandolo munatuluka amuna ovala sanza, mfuti zili m'manja. Anatigawa, amayi kwaokha abambo kwaokha, n'kutiuza kuti tikasenze katundu. Ine ndinkayesa atitengera kumapiri, koma anatibweza cha kumtsinje, pa dooko lina lobisika m'nsungwi. Tsidya lathu lino panaima lole yofunditsidwa tenti, anyamata ovala nsapato za jombo akutsitsa matumba a ufa ndi mabokosi aatali, olemera moti limodzi ankanyamula anthu awiri. Woyang'anira ntchitoyo, manja ali m'chiuno, anali mnyamata amene ankaima ndi ndodo pachipata cha msika wathu kufunsa makhadi. Kamwana kamene ndinakaona kakuyenda opanda kabudula, mamina ali chuchuchu, tsiku limenelo kankalamula ngati kali ndi dziko m'thumba.

Azakhali ena okalamba anali pafupi nane ananditsina, n'kundinong'oneza m'Chilomwe kuti ndikokere chitenje kumaso ndipo ndisayerekeze kutulutsa liwu la Chichewa. Iwo anali atazindikira kale kuti wa kutsidyako akaona zimenezi alibe kokanena, koma wa kuno ndi mboni. Amuna anga kugulu la abambo kuja analibe wowatsina. Ataona anthu a kwathu nkhope yawo inawala, anatuluka pamzere, natulutsa khadi lija n'kulikweza m'mwamba, akupereka moni mwaulemu ndi kufotokoza kuti iwo ndi Mmalawi, membala wokhulupirika, angobwerera maliro basi. Musawaseke, khadi limenelo linali lisanalepherepo kuwatsegulira khomo lililonse.

Ntchito yonse inaima. Mnyamata uja anawoloka, nalandira khadilo, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'anizana ndi mkulu wa zigawengazo.

"Mwabwera ndi ndani, bambo?" anafunsa mnyamatayo.

Apo amuna anga anazindikira. Anatembenukira kugulu lathu, maso awo n'kudutsa pa ine osaima ngakhale pang'ono.

"Ndabwera ndekha, achimwene."

Anthu awiri anapita nawo kuseri kwa nsungwi. Mfuti sinalire, ndipo anthu awiriwo anabwerako okha. Ine mkodzo unanditsika ndili chiimire, koma kulira ndinakumeza chifukwa zala za azakhali zinali zitalowa m'mnofu mwanga. Tinasenza ufawo mpaka kuphiri, ndipo atatimasula ndinawoloka mtsinje osacheuka.

Nditakadandaula kwa wapampando wa chipani, bambo wa mimba yake amene sanamvepo ngakhale fungo la wonga, anandiuza kuti kulibe lole, kulibe nkhondo, amuna anga anangothawa ndi mkazi wina, ndipo ndikapitiriza kubwebweta ndikakhala chakudya cha ng'ona. Anatiletsa ngakhale kukhala pansi kulira, ati munthu wamoyo saliridwa. Chaka chitatha, pachipata cha msika, mnyamata uja anandigulitsa khadi langa, kenako akumwetulira anati ndigulenso la bambo a kunyumba, popeza ali moyo. Kaya anandizindikira tsiku lija kaya ayi, sindidziwa. Ndinagula, ana anga anali ang'onoang'ono.

Lero ndikamva akuluakulu atavala masuti akukambirana zotumiza asilikali kunkhondo ya eni ake, ati kukathandiza abale, ndimalavulira pansi. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma aja anabisala m'mapanga awiri aja sanadonthedwe ndi dontho limodzi, anakalamba bwinobwino ndipo maliro awo anaimbidwa ndi makwaya. Ovumbwa tinali ife a m'malire. Choncho inu amene muli ndi ana, musamaombe m'manja msanga wamkulu akamalowerera ndewu ya kwa anansi, yambani mwafunsa kuti dzanja lake linalo lili kuti. Ine ndinalibe woti ndimufunse, ndipo mpaka lero ana anga akafuna kukasesa pamanda a bambo awo ndimasowa powalozera.