A Lezala, Odula Ubongo wa Makoswe

Kuntchito kwathu aliyense amawatchula kuti a Lezala. Atha zaka makumi atatu m'chipinda chapansi chopanda zenera, akudula ubongo wa makoswe. Ine ntchito yanga ndi kutsuka magalasi oikapo tizidutswa ta ubongo ndi kukolopa m'chipinda chomwecho.

Sadula ubongo wonse ayi. Amatenga kachigawo kakumbuyo, pamene ubongo umakumana ndi msana, komwe amati tsinde. Amakaumitsa ndi chisanu, n'kumakasenga pa makina tizidutswa topyapyala kuposa khungu la anyezi. Kachidutswa kalikonse amakanyamula ndi kaburashi n'kukaika m'kabowo kakekake m'thireyi ya madzi, motsatana, kuyambira chakumchira kupita chakumutu. Tizidutswato tikasokonezeka, a Pulofesa akumtunda sangajambule mapu awo a maselo.

A Lezala amadya okha, atafulatira khomo. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali kutali, ndipo foni yawo sindinaimvepo ikulira.

Nanenso ndili ndi zanga. Mwana wanga woyamba anagona masana ali bwinobwino, osadzukanso. Anali ndi miyezi itatu. Ndiye wachiwiriyu sindimusiyira munthu, ngakhale apongozi. Ndimalowa naye pa khomo lakumbuyo n'kumugoneka chagada m'katoni kuseri kwa kabati. Malamulo salola zimenezi, ndipo m'nyumba yonseyi mulibe malo ena obisapo mwana kupatula chipinda chimenechi.

A Lezala anamuona tsiku lachiwiri.

"Mayi, khoswe wanuyu ndi wonenepa bwanji! Mumamudyetsa chiyani?"

Sindinaseke. Iwo anangochotsa mabotolo a mankhwala pakabatipo n'kukawaika mbali ina, basi.

Tsiku lina anandiitanira pa maikulosikopu. Sekondale sindinamalize, koma za maselo ndinamvako. Ndinaona timadontho takuda, tina titandanda pakatikati ngati anthu pamzere, tina titaunjikana m'mbali, uku kagulu, uku kagulu. Anati mwa khoswe, mwa mphaka, ngakhale mwa munthu, magulu amenewa amakhala malo ofananako.

"Apakatiwa amapanga mankhwala otchedwa serotonini," anatero. "Akuti ndi ena mwa amene amakudzutsa mpweya ukakuchepera m'tulo."

"Nanga akamagwira mofooka mwa mwana, bambo?"

"Zimenezo ophunzira akufufuzabe. Ine ndine wodula chabe."

Chichitikire maliro a mwana wanga woyamba uja, maso anga amangokhala pa zifuwa za anthu, m'basi, pamzere, paliponse. Lachinayi lina m'mawa ndikukolopa, ndinaona msana wa a Lezala uli zii. Mutu wawerama, dzanja lili m'malere. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi awiri. Sanapume. Ndinaponya mopu, n'kuwagwira paphewa, kuwagwedeza ndi mphamvu zanga zonse. Chigongono chawo chinagunda thireyi, madzi ndi tizidutswa tonse khuthu patebulo.

"Mayi inu! Mwapenga?"

"Simumapuma, bambo!"

"Ndikapuma kachidutswa kamauluka! Nthawi zonse ndimaugwira mpweya ine."

Inali ntchito ya masabata atatu. Sanakalipenso. Anatola kamodzikamodzi ndi kaburashi kaja, ndipo masiku anayi anakhala akuyang'ana kalikonse pa maikulosikopu, kukazindikira malo ake poona mmene magulu a maselo akhalira. Anapulumutsa theka. Tinato tinang'ambika.

Lachitatu lotsatira a Pulofesa anatsika okha. Ndinaima kutsogolo kwa kabati, ndikupempha chamumtima kuti mwana asatsokomole. Anayang'ana thireyi, kenako anayang'ana ine ndi mopu wanga.

"Madala, zaka zonsezi simunatayepo kanthu. Ndi okolopawa eti? Nenani, ndiwasamutsire kumtunda, azikakolopa m'makonde."

M'makonde mulibe kabati. Mumadutsa anthu tsiku lonse.

"Ayi, bwana," anatero a Lezala. "Ndi manjawa. Ayamba kunjenjemera. Ukalamba."

Anatambasula dzanja, likunjenjemeradi. Ine dzanja limenelo ndaliona tsiku ndi tsiku likunyamula zinthu zoti diso silitha kuona bwino, osagwedera mpang'ono pomwe. Kumbuyo kwanga ndinkamva kampweya ka mwana wanga.

Mwezi usanathe makina odulira anawakweza kumtunda, amene akuwagwiritsa ntchito ndi mayi wina wongomaliza kumene maphunziro. A Lezala anawasiya pansi pompano, azilemba manambala pa magalasi ndi pensulo. Pamene panali makina patsala chizindikiro cha makona anayi patebulo, ndipo nthawi zina ndimawapeza akupayang'ana.

Ndinayesa kuwathokoza kamodzi.

"Katsukeni magalasi, mayi, akudikira," anatero osatembenuka.

Mwana akadali kuseri kwa kabati, katoni yayamba kumuchepera. Timagwira ntchito atatufe m'chipindamo, tsiku lonse osalankhulana kwenikweni.