Miyendo M'mwamba, Mutu Pansi

Mwamuna wanga atagwa pa njinga yamoto ku Zolozolo, anafika kunyumba akuyenda yekha, koma masana anayamba kusanza ndi kuodzera. Ndinafuna kuthamangira naye kuchipatala. Alamu anga, achimwene ake aakulu, anandiletsa, akuti anaphunzira chithandizo choyamba ku ofesi kwawo. Anamuchotsera pilo, n'kumukweza miyendo pampando kuti magazi apite kumutu.

Kuchipatala tinafika mochedwa. Dokotala anandifotokozera kuti chigaza sichitanuka. Ubongo ukatupa umafinya mitsempha yotulutsa magazi m'mutu, magaziwo amadzadzana, kutupako n'kumangowonjezeka. Mutu umayenera kukhala m'mwamba. Ife tinachita kuuika pansi.

Mwamuna wanga anapulumuka, koma saonanso.

Alamuwo sanapepese mpaka lero, ndipo ine sindinawatukwanepo. Ndinangoyamba kuwapatsa moni wothokoza wa Chitumbuka mokweza, kumsika, kudepoti, ngakhale pakhomo la tchalitchi: "Yewo chomene, adokotala!" Aliyense wondifunsa chifukwa chake ndimamufotokozera zonse, osasiyako kanthu. Pano ngakhale a kabaza amawaitana choncho.

Ndamva kuti alamuwo apempha kuntchito kuti awasamutse, achoke ku Mzuzu kuno. Apite. Kumene akupitako ndili ndi abale.